Eklezia ndi Kasankhidwe ka Mafilimu

Funso lakuti "kodi tionere filimu iti?" silinayambe lero ai. Kanema ataonetsedwa kwa anthu ku Paris m'chaka cha 1895, anawanda msanga, ndipo abusa a Eklezia anayamba kuda nkhawa ndi zimene ana ankaona.

Aepiskopi a ku America anakhazikitsa bungwe la Legion of Decency, ndipo Akatolika ochuluka analonjeza m'matchalitchi kuti adzapewa mafilimu oononga makhalidwe. Papa Pius XI, m'kalata yake Vigilanti Cura ya 1936, anayamikira ntchitoyi, napempha Aepiskopi a maiko onse kuti azitulutsa mndandanda wa mafilimu oyenera ndi osayenera. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unakumbutsa makolo kuti udindo wolondera pakhomo ndi wao.

Komatu kuletsa kokha sikulera mwana. Nchifukwa chake mu 1995, kanema atakwanitsa zaka 100, Vatican inatchula mafilimu 45 ofunika, ena a chipembedzo, ena a makhalidwe, ena a luso. Mwa iwo muli Ben-Hur, Gandhi, ndi filimu ya Mthenga Wabwino wa Mateyo imene anapanga Pier Paolo Pasolini, munthu wosakhulupirira.

Lero kanema walowa m'nyumba, ngakhale m'foni ya mwana, ndipo Episkopi sangafike pamkeka pathu madzulo. Tsono ife makolo ndi akatekisti tiziyamba taiona tokha filimuyo, kenaka tionere pamodzi ndi ana, tikambirane. Tikapeza yabwino, tiuzeko anansi athu. Paja kuongola mtengo mpoyamba.