Mizinga Yodzifunira Yokha Sitima pa Nyanja

Munthu wocoka ku Kabwata kunka ku tauni amayenda mu msewu wochedwa Burma Road. Ana a masiku ano amaliyesa dzina wamba, koma akuluakulu adziwa kuti Burma ndilo dziko lakutali kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment ndi a King's African Rifles anakamenyana ndi Ajapani pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Kumeneko sanapite ndi miyendo ai. Anakwera sitima za pamadzi, ambiri a iwo asanaione nyanja ya mcere cibadwire.

Ulendowo unali woopsa. Pa 12 February 1944 sitima ya Khedive Ismail, yocokera ku Mombasa kunka ku Ceylon ndi asilikari a mizinga a ku East Africa, inalasidwa ndi sitima ya Ajapani yoyenda pansi pa madzi, nimira m'mphindi zowerengeka. Anthu oposa 1,200 anathera m'madzi. Cimene cinaimiza cinali torpedo, bomba lalitali lothamanga m'kati mwa madzi. Koma pa nthawi yomweyo cinali citabadwa kale cida cina coyenda mu mlengalenga, cimene lero amalinyero amaciopa kwambiri, ndico mzinga wouluka umene umalondola sitima monga galu wa uzimba alondola nyama.

Kuti munthu amvetse kusintha kumene cida cimeneci cinabweretsa, ayambe wakumbuka nkhondo ina yaing'ono ya pa nyanja ya Nyasa. Mu August 1914 Angelezi anali ndi sitima yao ya Gwendolen, ndipo Ajeremani anali ndi yao ya Hermann von Wissmann, imene inali itakokedwera pamtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhafen, pamene lero pachedwa Liuli, ku Tanzania. Captain Rhoades wa Gwendolen, atalandira mau akuti nkhondo yayamba, anawoloka nyanja, nafika pafupi ndi dokolo, nayamba kuwombera ndi mzinga wace kufikira cipolopolo cinagunda sitima ya Ajeremani ija. Mwini sitimayo, Captain Berndt, sanadziwe konse kuti kuli nkhondo. Anthu awiriwa anali mabwenzi akale, omwera pamodzi, ndipo amasimba kuti Berndt anapalasa ngalawa kudza kwa mnzaceyo ali wokwiya, namfunsa ngati waledzera. Rhoades anangomuuza kuti tsopano ndi wandende. Mzinga wa Gwendolen unasungidwa ku Mangochi, kumene kale kunali kuchedwa Fort Johnston.

Nkhaniyi imaseketsa, koma ikuonetsa m'mene nkhondo ya pa madzi inaliri kwa zaka mazana ambiri. Wowombera anayenera kumuona mdani ndi maso ace, ndipo cipolopolo cikacoka m'kamwa mwa mzinga panalibe wocibweza kapena wocikhotetsa. Motero mfumu ya nyanja inali sitima yaikulu, ya zitsulo zocindikala ndi mizinga yoponya patali. Dziko losauka silikanatha kulimbana nayo.

Amene anayamba kuphwanya lamulo limeneli ndi Ajeremani m'caka ca 1943. Anapanga mabomba awiri, Fritz X ndi Hs 293, amene ankagwetsedwa kucokera m'ndege. Kumbuyo kwa bomba kunali kuyaka moto wowala, ndipo msilikari wokhala m'ndegemo ankauyang'anitsitsa motowo, namalikhotetsa bombalo kumanja kapena kumanzere ndi mafunde a wailesi. Pa 27 August 1943 Hs 293 inamiza sitima ya Angelezi ya Egret. Pa 9 September, Ataliyana atangoleka nkhondo ndi kuwasiya Ajeremani okha, mabomba awiri a Fritz X anagwera Roma, sitima yatsopano ndi yaikulu ya nkhondo ya ku Italy. Limodzi linaboola zitsulo nkukayatsa nkhokwe ya wonga, ndipo sitimayo inathyoka pakati. Anafa anthu oposa 1,300, pamodzi ndi mkulu wao Carlo Bergamini. Mu November caka comweco sitima yonyamula asilikari ya Rohna inamizidwa kufupi ndi Algeria, ndipo asilikari a ku America oposa 1,000 anafa.

Ngakhale zinali tero, zida zimenezi zinali ndi cilema. Ndege inayenera kuuluka mowongoka ndi modekha kufikira bomba litagunda, kotero kuti inali yosabvuta kuigwetsa. Ndiponso Angelezi ndi Aamerika anaphunzira msanga kusokoneza mafunde a wailesi aja. Diso la munthu linali likadafunikabe.

Nkhondo itatha, akatswiri a ku Soviet Union ndiwo analimbikira nchitoyi koposa onse, pakuti iwo analibe sitima zazikulu zonyamula ndege monga anali nazo Aamerika, ndipo anafuna njira yochipa yozimizira. Cimene anacita ndico kucotsa diso kwa munthu ndi kuliika pa mphuno ya mzinga womwe. Diso limeneli ndi makina ochedwa radar, amene amaponya mafunde kutsogolo ndi kumvera pamene abwerera, monga acitira mleme pouluka mu mdima. Mzinga wao wochedwa P-15, umene maiko a kumadzulo anaucha Styx, unayamba nchito ca m'ma 1960. Unali ndi mapiko ngati kandege, ndipo unkatha kuuluka makilomita ngati 40. Cacikulu cinali cakuti unkanyamulidwa ndi kabwato kakang'ono ka matabwa kochedwa Komar, mau a Cirasha otanthauza udzudzu. Amene anasankha dzinali anadziwa cimene anali kunena.

Udzudzuwo unaluma pa 21 October 1967. Sitima ya nkhondo ya Israel yochedwa Eilat, imene kale inali ya Angelezi, inali kuyendera nyanja kufupi ndi Port Said. Mabwato a Komar a ku Egypt anaponya mizinga yao ali pa khomo pa doko lao, mamailosi oposa khumi kucokera pa sitimayo. Eilat inamira, ndipo amalinyero 47 anafa. Aka kanali koyamba kuti sitima ya nkhondo imizidwe ndi mzinga wodzilondolera wokha woponyedwa ndi sitima inzace. Akulu a nkhondo ku London, ku Paris ndi ku Washington anadzidzimuka, pakuti anaona kuti kabwato ka anthu osakwana makumi awiri kangathe kugwetsa njobvu. France inafulumiza kupanga Exocet, ndipo America inapanga Harpoon, imene inayamba nchito mu 1977.

Mu December 1971 mabwato a India anagwiritsa nchito Styx yomweyo usiku pa Karachi, namiza sitima ya Pakistan ya Khaibar. Koma mu October 1973, pa Latakia ku Syria, Aisraeli anaonetsa kuti diso la makina linganamizidwe. Anamwaza mu mlengalenga tizidutswa tambirimbiri ta citsulo copepuka, touluka ngati mankhusu popeta, ndipo mizinga ya Asiriya inathamangira mankhusuwo nkugwera m'madzi, pamene mizinga ya Israel yochedwa Gabriel inamiza mabwato a Syria. Kuyambira pamenepo wopanga mkondo ndi wopanga cishango akhala akupikisana osapuma.

Dziko lonse linadziwa dzina la Exocet mu 1982, pa nkhondo ya Britain ndi Argentina yolimbirana zisumbu za Falkland. Dzinali m'Cifalansa ndi la nsomba ina youluka pamwamba pa madzi, ndipo ndimo m'mene mzingawo umayendera: umatsika kufikira mamita owerengeka pamwamba pa mafunde, nuthamanga pafupifupi liwiro la mau. Popeza dziko ndi lobulungira, radar ya sitima siingaone cinthu couluka motsika cotere kufikira citayandikira, ndipo pamenepo amalinyero amangotsala ndi kamphindi kocepa. Pa 4 May ndege ziwiri za Super Étendard zinauluka motsika, zinakwera pang'ono kuti radar iloze pamene pali sitima, zinaponya mizinga yao, nkutembenuka kubwerera kwao. Oyendetsa ndegewo sanaione ndi maso sitima imene anailasa. Mzinga umodzi unalowa m'nthiti mwa Sheffield, moto ndi utsi zinadzaza sitima yonse, ndipo anafa anthu 20. Sitimayo inamira pa 10 May ili kukokedwa.

Argentina inali ndi mizinga isanu yokha ya mtundu woponyedwa ndi ndege, komabe inasautsa gulu lonse la sitima za Britain. Pa 25 May inalasa Atlantic Conveyor, sitima ya katundu, ndipo anthu 12 anafa. Mahelikopita amene anali m'menemo anapsa, kotero kuti asilikari a Britain anayenera kudutsa cisumbuco wapansi m'matope ndi m'cisanu, akatundu ali kumsana. Exocet inalasanso sitima ya America ya Stark pa 17 May 1987, itaponyedwa ndi ndege ya Iraq, nipha amalinyero 37. Ndipo mu April 2022 Moskva, sitima yotsogolera gulu la Russia pa Black Sea, inamira. Ukraine inati inailasa ndi mizinga iwiri ya Neptune yocokera pamtunda, pamene Russia inangonena za moto umene unabuka m'sitimamo.

Womvera wa ku Kabwata, kapena wa ku migodi ya Nkana ndi Mufulira, angafunse kuti zonsezi zimkhudza bwanji munthu wa dziko lopanda doko. Yankho lace liri pa nkhani ya Atlantic Conveyor ija. Diso la mzinga silidziwa kusiyanitsa bwino sitima ya nkhondo ndi ya malonda. Limangofuna citsulo cacikulu, ndipo sitima ya malonda iribe codzichinjirizira. Tsono mkuwa wa ku Zambia ukacoka m'ng'anjo umapita pa magalimoto ndi pa njanji ya TAZARA kunka ku Dar es Salaam, kapena ku Beira, ku Durban ndi ku Walvis Bay, ndipo kumeneko umakwera sitima. Dizilo wobwera m'mipope ya TAZAMA kufika ku Ndola amayamba wawoloka nyanja. Feteleza wambiri, mankhwala a m'zipatala ndi zitsulo za makina a pa mgodi zimadzera njira yomweyo.

Ca kumapeto kwa 2023 gulu la Houthi la ku Yemen, limene liribe ngakhale sitima imodzi yaikulu ya nkhondo, linayamba kuponya mizinga pa sitima za malonda zodutsa pa Red Sea, ponena kuti likucitira nkhondo ya ku Gaza. Makampani akuluakulu a sitima analeka kudzera pa ngalande ya Suez, nayamba kuzungulira ku Cape, ulendo wowonjezera masiku khumi kapena kuposa, ndipo mtengo wonyamulira katundu unakwera. Pa 6 March 2024 amalinyero atatu a pa True Confidence anaphedwa. Anali anthu a nchito wamba, awiri a ku Philippines ndi mmodzi wa ku Vietnam, opita kutali kukafuna ndalama monga acitira a pa mgodi. Masiku anai m'mbuyo mwace inamira Rubymar, imene inalasidwa pa 18 February ndi kusiyidwa ikuyandama yokha kwa masiku khumi ndi awiri. M'mimba mwace munali matani ngati 21,000 a feteleza.