Mtengo wa ndodo ya pa kalabu: mbiri ya ndodo zakale za snooker m'mapulazi a ku Mashonaland

Mu Chichewa liwu lakuti mtengo lili ndi matanthauzo awiri amene zilembo sizisiyanitsa. Pali mtengo womera m'nkhalango, umene poutchula mawu amakwera pa "te", ndipo pali mtengo wa pamsika, umene umatchulidwa mawu ali pansi. Matanthauzo awiriwa amakumana m'chinthu chimodzi chimene nthawi zina chimapezeka kuseri kwa chitseko kapena kudenga m'nyumba za mabanja amene makolo awo ankagwira ntchito m'mapulazi a ku Banket, Mvurwi ndi Karoi: ndodo yaitali yosewerera snooker, yoyera kutsogolo, yakuda kumbuyo, yokhala ndi kachizindikiro kolembedwa dzina la kampani ya ku England. Ana amaiyesa ndodo wamba ya pool, yonga zimene zimapezeka m'mabala. Komatu ku Britain kuli anthu amene amasonkhanitsa ndodo zoterezi, ndipo zina amazigula modula. Banja limene lili nayo liyenera kudziwa zinthu ziwiri lisanaigulitse: njira imene ndodoyo inadzera kuti ifike m'manja mwa Achewa, ndi zimene ogula amayang'ana akaigwira.

Masewera a billiards, amene ndi kholo la snooker, anakhwimira ku England m'zaka za m'ma 1800. John Thurston anatsegula kampani yake ku London mu 1799, ndipo ndiye anafalitsa matebulo okhala ndi mwala wa sileti pansi pa nsalu. Kampani ya Burroughes & Watts inatsatira mu 1836, ya Peradon, yodziwika ndi ndodo, mu 1885, kenaka ya E. J. Riley ku Accrington. Snooker yeniyeniyo inayambira ku Jabalpur m'dziko la India cha m'ma 1875, pakati pa akuluakulu a asilikali a Britain. Kulikonse kumene ufumu wa Britain unafika, tebulo lobiriwira linkatsatira, pamodzi ndi bala ndi mbendera.

Dziko la Amaravi linalowa m'nkhaniyi kale, anthu ake asanaone ngakhale tebulo limodzi. Mipira yosewerera billiards inkasemedwa kuchokera ku minyanga ya njovu, ndipo mnyanga umodzi unkatulutsa mipira yowerengeka chabe. Ina mwa minyanga imene inkafika ku Ulaya inkachokera m'madera ozungulira nyanja ya Malawi. Amalonda a Chiyao ndi Aswahili, monga Jumbe wa ku Nkhotakota, ankaitumiza ku Kilwa ndi ku Zanzibar, nthawi zambiri pa mitu ya akapolo. Kusowa kwa minyanga n'kumene kunachititsa John Wesley Hyatt wa ku America kufufuza china cholowa m'malo mwake, mpaka anapanga celluloid cha m'ma 1870, imodzi mwa mapulasitiki oyambirira. Ngakhale zinali choncho, mipira ya mnyanga inapitirira kugwira ntchito ku England mpaka m'zaka za m'ma 1920.

Matebulo anafika ku Mashonaland pambuyo pa 1890, chaka chimene gulu la atsamunda a Cecil Rhodes linaimika mbendera pa Salisbury. Lamulo la malo la 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko la Southern Rhodesia kukhala la azungu, ndipo nthaka yabwino ya kumpoto inasanduka minda ya fodya wa Virginia. Okushoni ya fodya inatsegulidwa ku Salisbury mu 1936, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha ulimiwu unakula kwambiri. Popeza mapulazi anali otalikirana, alimi a dera lililonse ankamanga kalabu yawo, monga ku Banket, Tengwe, Karoi, Umvukwes, Enterprise ndi Ruwa. Kumeneko ankasewera tenesi ndi gofu, kuchita misonkhano ya alimi, ndi kumwa madzulo a Loweruka. M'makalabu ambiri otere, komanso m'mahotela a m'matauni ang'onoang'ono, munkakhala chipinda cha tebulo la snooker.

Fodya amene analipira zonsezi ankalimidwa makamaka ndi manja a alendo. Msonkho wa nyumba ndi thangata zinathamangitsa amuna ambiri ku Nyasaland, ndipo komiti ya Travers Lacey mu 1935 inadandaula za midzi yotsala ndi akazi ndi okalamba okhaokha. Ena ankapita ku Halale kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Ena ankakwera malole aulere a boma la Southern Rhodesia, amene anthu anangowatcha Ulere. Ambiri ankapita selufu, kudutsa chigawo cha Tete wapansi ndi kuwoloka Zambezi. M'zaka za m'ma 1950 oposa theka la antchito a m'mapulazi anali ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Amene sanabwerere kwawo anatchedwa matchona, ndipo Ashona anawapatsa dzina lakuti mabhurandaya, lochokera ku liwu lakuti Blantyre. M'makomboni a m'mapulazi Chichewa chinkamveka tsiku ndi tsiku, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ankavinidwa pa maliro monga kumudzi.

Anyasa anatchukanso pa ntchito za m'nyumba: ukhukhi, uweyitala ndi kugulitsa pa bala. Apa ndi pamene mbiri yawo imakumana ndi ndodo ija. Tebulo la snooker limafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Nsalu imasesedwa ndi bulashi motsata kumene ubweya wake unagonera, kenaka imasitidwa ndi simbi yolemera. Mipira imapukutidwa. Kachikopa ka kunsonga kwa ndodo kakatha kamachotsedwa, china n'kumatidwa ndi guluu, n'kupalidwa mpaka chitazungulira bwino. Ntchito zonga izi pa kalabu zinali za antchito akuda, amene ankalamulidwa m'Chilapalapa ndipo sankaloledwa kukhala mamembala. Munthu ankatha kukalamba akudziwa kulemera ndi kuwongoka kwa ndodo iliyonse m'chipindamo, koma osaitanidwapo kudzasewera.

Ndodo za pa kalabu zinali za mitundu iwiri. Panali zogwiritsa aliyense, zimene zinkaimikidwa m'mbali mwa khoma. Panalinso za munthu payekha, zimene mwini ankaitanitsa ku England ndi kuzisunga m'chitini chachitali chakuda, chokhomedwa ndi kaloko. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa dziko mosavomerezeka pa 11 November 1965, Britain ndi bungwe la United Nations anaika ziletso za malonda, ndipo katundu wa ku England anayamba kuvuta kupeza. Zinthu zakale zinkakonzedwa m'malo motayidwa, choncho ndodo zopangidwa nkhondo isanayambe zinapitirira kuseweredwa kwa zaka zambiri.

Ufulu wa 1980 sunasinthe kwambiri moyo wa pa pulazi. Chimene chinausintha ndi kulanda malo kumene kunayamba mu February 2000. Pa nthawiyo kunali alimi azungu oposa 4,000 ndi antchito a m'mapulazi oposa 300,000, ambiri mwa iwo zidzukulu za obwera. M'zaka zochepa mapulazi ambiri anasintha eni, makalabu ena anatsekedwa, ndipo katundu anabalalika. Wina anagulitsidwa pa okushoni ku Harare, wina anatengedwa pa chipwirikiti, wina anasiyiridwa antchito potsazikana. Tebulo lalikulu la snooker limalemera pafupifupi tani imodzi, choncho si lonyamula mothawa. Ndodo ndi yopepuka, ndipo inkatha kuyenda ndi munthu. Antchito amenewo anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe akulembedwa kuti alendo pa zitupa zawo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 atabwezera unzika kwa ana a makolo ochokera m'mayiko a SADC.

Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa, koma pa msika wa zinthu zakale ukale ndiwo umawawa. Komabe ukale wokha sukwanira, ndipo ndodo zambiri za m'mbali mwa khoma zija n'zotsika mtengo lero monga zinalili kale. Wogula wodziwa amayamba ndi kachizindikiro ka kumbuyo. Mayina a Burroughes & Watts, Thurston, Riley ndi Peradon amalemekezedwa, ndipo mitundu ina, monga Burwat Champion, imafunidwa kwambiri. Ndodo zambiri zili ndi mayina a akatswiri, monga Joe Davis, amene anapambana mpikisano wa snooker wa dziko lonse maulendo 15 pakati pa 1927 ndi 1946, kapena Walter Lindrum wa ku Australia. Dzina lotere silitanthauza kuti katswiriyo anaigwirapo ndodoyo, chifukwa makampani ankapanga zambirimbiri za mayina amenewa kuti malonda ayende.

Chachiwiri ndi mtengo wake wa m'nkhalango ndi malumikizidwe ake. Gawo loyera nthawi zambiri ndi mtengo wa ash, umene mizere yake imaoneka ngati mivi, kapena wa maple, umene ndi wosalala. Gawo lakuda ndi ebony, mtengo wolemera wofanana ndi phingo amene osema ziboliboli amamudziwa. Pamene mitengo iwiriyi yalumikizana pali malilime anayi akuda okwera pa mtengo woyera. Malilimewo akakhala obulungira kunsonga, ndodoyo inalumikizidwa ndi manja, ndipo ndi yamtengo wapatali. Akakhala osongoka ngati mkondo, inalumikizidwa ndi makina.

Chachitatu ndi mmene yasungikira. Ndodo yathunthu imatalika mainchesi 57 kapena 58, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Imene inadulidwa itathyoka nsonga imatsika mtengo. Kuwongoka kumaoneka poiika pa diso ndi kuizunguza pang'onopang'ono, monga mmisiri ayang'anira thabwa. Ndodo yotsamiritsidwa kukhoma zaka zambiri, kapena yosungidwa pansi pa malata otentha, imapindika. Cholakwa chachikulu chimene eni ake amachita ndi kufuna kuikongoletsa asanaigulitse: kuipala ndi sandipepa, kuipaka vanishi, kapena kukwecha kachizindikiro mpaka zilembo zitafufutika. Osonkhanitsa amafuna khungu lake lakale. Nsalu youma ikwanira, ndipo chitini chija, ngati chilipo, chisasiyanitsidwe ndi ndodo yake.

Palinso msampha wa intaneti. Wofufuza mitengo adzakumana ndi ndodo za pool za ku America, monga za George Balabushka, amene anamwalira mu 1975, zimene zimagulidwa pa madola masauzande ambiri. Zimenezo ndi za mtundu wina: zimamangidwa pakati ndi sikuluwu, nsonga yake ndi yaikulu, pafupifupi mamilimita 13, pamene ya snooker ndi pafupifupi 10, ndipo sizinali za makalabu a Rhodesia. Ngakhale mu filimu ya The Color of Money ya 1986, ndodo imene inatchedwa Balabushka inali yopangidwa ndi kampani ya Joss. Dzina limagulitsa, n'chifukwa chake limanamiziridwanso.

Kachizindikiro kaja kangathenso kubweretsa mlandu. Pa ndodo zakale kwambiri kamatha kukhala ka mnyanga wa njovu, pa zina ka fupa, pa zina ka pulasitiki. Pangano la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, ndipo lamulo la minyanga la ku Britain, limene linayamba kugwira ntchito mu June 2022, limalola kugulitsa chinthu chotere pokhapokha chitapangidwa 1947 isanafike, mnyanga wake ukhale wochepera gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo chilembetsedwe. Woitumiza kunja popanda chilolezo angathe kulandidwa ndodoyo pa chipata cha dziko. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zithunzi zomveka bwino za kachizindikiro, malilime ndi nsonga, zoonetsedwa kwa ogula angapo, zimateteza banja kwa wogula woyamba amene amafika ndi ndalama m'manja ali pa changu.

Chomaliza chimene ogula amafunsa ndi mbiri ya chinthucho: chinali cha yani, chinachokera kuti, chinafika bwanji kwa wogulitsa. Yankho loona limakweza mtengo, ndipo limatetezanso wogulitsa, popeza katundu wa m'zaka za 2000 sanatuluke yense pa khomo loyenera. Koma mbiri imene msika umaizindikira imathera pa mayina awiri, la kampani ya ku England ndi la mlimi. Mu July 2020 boma la Zimbabwe linasainirana pangano ndi alimi akale lowalipira madola 3.5 biliyoni a ku America chifukwa cha nyumba, madamu ndi zigafa zimene zinali pa mapulazi. Zomangidwazo zinawerengedwa ndi kupatsidwa mtengo. Amene anaumba njerwa zake sanali mbali ya panganolo.

N'chifukwa chake ndodo yotere, ikakhala m'banja la Achewa, ndi umboni umene mabuku a kalabu sanasunge. Okalamba amene amakumbukira dzina la kalabu, zaka zimene agogo anagwira pa bala, ndi mudzi wa ku Dedza, Ntcheu kapena Angónia kumene anachokera, akutha chaka ndi chaka. Kugulitsa si kulakwa, pakuti fizi ndi mankhwala sizidikira. Koma ndodoyo isanachoke pakhomo, wina m'banjamo akhale pansi ndi okalambawo, alembe dzina la amene ankaisamalira, mfunda wake, pulazi ndi zaka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pepala limodzi lipite ndi wogula m'chitini chija, lina litsale m'nyumba.