Mawu akuti "mphamvu" akusocheretsa odwala

Bambo akamwa mankhwala a BP kwa miyezi ingapo n'kuona kuti zinthu zasintha kuchipinda, amafika kuchipatala ndi mawu akuti, "Adokotala, mphamvu zandithera." Dokotala, poona mzere wa anthu panja, amamva kuti thupi lafooka, n'kulemba mavitamini m'kabuku. Onse alankhula Chichewa chabwino, koma sanamvane.

Makolo sanalakwe potiphunzitsa kuphiphiritsa. Timati kukhala malo amodzi, timati za m'banja, ndipo ulemu umenewu tiusunge. Koma mawu ophiphiritsa ntchito yake ndi kuphimba manyazi, tanthauzo lizimveka ndithu. Otsatsa zitsamba pa zikwangwani za m'misewu, ndi mawu awo aja akuti "mphamvu za abambo," alonga m'thumba limodzi zinthu zosiyana: chilakolako, kudzuka kwa chida cha abambo, kuthira umuna, ndiponso kubereka. Mankhwala a kuchipatala sakhudza zonsezi mofanana, n'chifukwa chake dzina limodzi silikwanira.

Hydrochlorothiazide, propranolol ndi atenolol, amene anthu ambiri a BP amalandira, amatha kuchititsa kuti chida chisadzuke bwino ngakhale mtima ukufuna. Fluoxetine, wa matenda a kukhumudwa, amachulukitsa serotonin mu ubongo. Kwa ena chilakolako chimazilala, kwa ena chida chimadzuka bwinobwino koma umuna umachedwa kutuluka, mwina osatuluka n'komwe. Chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, a matenda a maganizo, amakweza prolactin, homoni imene imabweretsa mkaka wa m'mawere, ndipo ikachuluka chilakolako chimatsika, amayi ena msambo umaima. Phenobarbitone ndi carbamazepine, a khunyu, amafulumizitsa ntchito ya chiwindi moti testosterone yogwira ntchito m'thupi imachepa.

Tsono wodwala akati, "Chilakolako chilipo koma thupi silikuvomera, ndipo zayamba nditayamba mapiritsi awa," dokotala wapeza poyambira. Akhoza kuchepetsa mlingo, kapena, ngati mapiritsiwo ndi a BP, kusintha n'kupereka amlodipine kapena enalapril, amene kawirikawiri savutitsa motero. Kutchula nthawi imene vuto linayamba n'kofunika kwambiri, chifukwa BP ndi shuga nazonso zimawononga mitsempha ya magazi, ndipo nthawi zina wolakwa ndi matenda, mankhwala akungonamiziridwa.

Mawu amene amandipweteka kwambiri ndi akuti gojo, ndi aja akuti "anagwa mumpapaya." Amenewa ndi mayina opatsa munthu, ndipo dzina likamatirira silichoka. Pamene vuto lobwera ndi mankhwala nthawi zambiri limatha mankhwalawo akasinthidwa. Mwamuna woopa kutchedwa gojo sapita kukafunsa. Amangoleka kumwa mapiritsi mwakachetechete, mkazi wake osadziwa. Woleka propranolol mwadzidzidzi mtima umathamanga, BP n'kukwera. Woleka phenobarbitone mwadzidzidzi amatha kugwa khunyu yoopsa kuposa kale. Tiziti "ali ndi vuto," chifukwa chimene munthu ali nacho angathe kusiyana nacho.

Nanga amayi? Pa zikwangwani paja simudzaonapo za iwo. Mayi wobayitsa Depo-Provera, jakisoni wolera wa miyezi 3, nthawi zina amaona kuti chilakolako chachepa kapena akuuma kumaliseche, moti kukhala malo amodzi kumamupweteka. Poti tilibe chizolowezi chotchula zimenezi, m'nyumba zimapatsidwa mayina ena: akuti akukaniza mwamuna, akuti wayamba mwano, akuti ali ndi wina kumbali. Nkhani yofunika anamwino imakathera kwa ankhoswe. Chonsecho mawu tili nawo, aulemu ndithu: "Anamwino, chiyambireni jakisoniyu chilakolako chachepa, ndipo ndikumauma." Njira zolera zilipo zingapo, ndipo anamwino akamva mawu omveka chonchi angathandize mayiyo kusankha ina.

Olemba nkhani za umoyo m'nyuzipepala ndi owerenga pa wailesi nawonso asamale ndi mneni amene akusankha. Kulemba kuti "mankhwala a BP amapha chilakolako" ndi bodza pawiri: chakufa sichidzuka, komanso anthu ambiri amamwa mankhwalawa zaka ndi zaka popanda chovuta chilichonse. Cholondola n'chakuti "amatha kuchepetsa chilakolako mwa anthu ena." Kamawu kakuti "amatha" ndiko kamasiyanitsa chenjezo ndi chiopsezo, ndipo mkonzi wofuna kufupikitsa mutu wa nkhani asayambe kudula kameneka.

Chimodzimodzinso sildenafil, amene anavomerezedwa ku America mu 1998 ndi dzina la Viagra. Anthu amati ndi "mankhwala owonjezera mphamvu," n'kumawaika pa gulu limodzi ndi gondolosi, ngati chinthu chongogula kwa mnzako. Sildenafil sapereka chilakolako. Amangothandiza kuti magazi alowe bwino m'chida pamene chilakolako chilipo kale, ndiye amene chake chazilala ndi haloperidol asayembekezere kuti amudzutsira mtima. Ndipo wodwala mtima amene akumwa isosorbide dinitrate akaphatikiza ndi sildenafil, BP imatsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka, mwinanso kufa. Dzina lake loyenera ndi mankhwala othandiza chida kudzuka, olembedwa ndi dokotala amene waona kaye mankhwala ena onse ali m'kabuku ka wodwalayo.