Pepala la Woteteza Mtsinje Linachedwa Kufika ku Rumphi

Ndi maboma ochepa m'Malawi muno amene anayamba kale kupereka mapepala a ntchito zamanja ngati Rumphi. Kalipentala, mmisiri womanga nyumba ndi wosindikiza mabuku ankatsika phiri la Khondowe chikalata chili m'thumba, pomwe agogo a ambiri a ife anali asanaonepo khomo la sukulu. Koma pepala la munthu woonetsetsa kuti ntchito isawononge mtsinje, nthaka ndi mapapo a oigwira linachedwa ndi zaka pafupifupi 100, ndipo mpaka lero silinakhazikike pomwe likufunika kwambiri, pakhomo pa mgodi wa malasha. Mbiri ya kuchedwaku ikusonyeza kuti satifiketi imakhala ndi phindu pokhapokha mwini wake akapatsidwa mphamvu yoimitsa ntchito, komanso akadziwa kuti akanama pepalalo amulanda.

Azungu asanafike, mapiri a Phoka m'mphepete mwa Nyika ankadziwika ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo zigumuka zake zikupezekabe m'tchire. Makasu a Aphoka ankatsika mpaka ku Henga ndi ku Nkhamanga, nkumalowa m'malonda ndi m'malowolo. Pepala kunalibe, koma si aliyense ankayatsa ng'anjo. Mnyamata ankayamba ndi kusenza miyala ya chitsulo ndi kuotcha makala asanauzidwe mankhwala ndi miyambo yake, ndipo mkulu wa ng'anjo ndiye ankatchula tsiku loyamba ntchito, kapena kuiletsa wina akaswa mwambo. Tisanamizane kuti anthuwa anali alonda a nkhalango, chifukwa ng'anjo imadya makala ochuluka ndipo makalawo ndi mitengo. Chimene chinalipo ndi choti wodziwa ntchito ndi wolamula kuti ntchito iime anali munthu mmodzi yemweyo, wokhala m'mudzi momwemo, womwa madzi a mtsinje womwewo.

Mu 1894 Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia ku Khondowe kuchokera ku Bandawe, nakhazikitsa sukulu ya Overtoun. Kumeneko mnyamata ankalembedwa kuti aphunzire ntchito kwa zaka zingapo, nkuyesedwa, nkupatsidwa chikalata chomwe ankakapezera ntchito ku Blantyre, ku Salisbury ngakhale ku Cape Town. Pofika cha m'ma 1905 mishoniyo inali ndi madzi a m'mipope, magetsi ochokera ku mphamvu ya madzi, ndi msewu wa Gorodi wokhotakhota uja wokwera kuchokera ku Chitimba. Zonsezi ndi zonyaditsa, ndipo anthu a kumpoto salakwa kuzikumbukira. Koma dzina la sukuluyo lili ndi nkhani yake imene sikambidwa kawirikawiri. Lord Overtoun, wothandiza sukuluyo ndi ndalama yemwe dzina lake lenileni linali John Campbell White, anali mwini fakitale ya mankhwala a chromium ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow. Mu 1899 Keir Hardie, mtsogoleri wa apantchito, anaulula m'nyuzipepala kuti anthu a pafakitaleyo ankagwira maola 12 patsiku, ambiri ngakhale Lamulungu lomwe, kuti khungu lawo linkachita zilonda zakuya, ndipo fumbi la mankhwalawo linkaboola kakhoma ka pakati pa mphuno. Fakitaleyo inatsekedwa m'ma 1960, koma zinyalala zake zikuipitsabe nthaka ndi timitsinje ta kumeneko, ndipo ndalama zoyeretsera zikutulukabe m'thumba la anthu amene sanadyeko phindu lake. Choncho gawo la chuma chimene chinaphunzitsa amisiri a ku Khondowe linachokera pamalo pomwe panalibe munthu wamphamvu yonena kuti ntchito iime. Sizodabwitsa kuti maphunziro a nthawi imeneyo, ku Scotland ngakhale kuno, ankayesa ngati munthu angapange chinthu, osafunsa zimene kupangako kukusiya m'mbuyo.

Phunziro lachiwiri anthu a ku Rumphi, monga anzawo a maboma ena, anakalitenga ku Joni. Pansi pa mgodi wa golide, pepala lolemera kwambiri linali chiphaso chophulitsira miyala. Mwini chiphasocho sanali woyatsa mabomba chabe ayi. Lamulo linkamupatsa udindo woyang'ana denga ndi kutsimikiza kuti malo ali bwino anthu asanayambe kuboola. Lamulo la migodi la kumeneko la 1911, lomwe linakhwimitsidwa mu 1926, linatsekera anthu akuda kunja kwa chiphasochi, ndipo chitseko chinatseguka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe Amalawi anali kusiya kupita pa Wenela. Mmalawi ankatha kukhala kapitawo zaka zambirimbiri, wodziwa kugogoda denga ndi chitsulo nkumva ngati mwala uli wolimba kapena wagwedera, koma siginecha inali ya mzungu. Ambiri anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Pa nkhani ya fumbi la kumeneko lomwe linapha anthu, makampani a golide anachita kuvomera kulipira mochedwa, pa mgwirizano wa R5 biliyoni umene khoti linavomereza mu 2019, ambiri mwa odwalawo atagona kale kumanda. Boma la tsankho linkadziwa bwino chimene ife timachiiwala: linakaniza anthu akuda pepalalo chifukwa linali ndi mphamvu.

Migodi inafika ku Rumphi komweko chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Malasha a ku Moatize, amene mafakitale athu ankadalira, anayamba kuvuta kubwera, ndipo kampani ya boma ya MIDCOR inatsegula mgodi wa Kaziwiziwi mu 1985, kenako wa Mchenga mu 1987. Panthawiyo lamulo la migodi linali la 1981, ndipo lamulo lokakamiza kuunika mmene ntchito ikhudzire chilengedwe isanayambe kunalibe. Chikhalirecho malo amenewa ndi osakhululuka. Malasha ali m'zitunda zotsetsereka pansi pa Livingstonia, pomwe mitsinje ndi yaifupi ndi yaliwiro, ndipo chimene chagwera m'madzi kumtunda sichichedwa kufika kunyanja, komwe anthu a ku Chiweta ndi ku Chitimba amatunga madzi ndi kuwedza usipa. Mulu wa zotsalira za malasha ukasiyidwa pamtetete, miyala ya salufa imene imapezeka m'malasha ambiri imakumana ndi mpweya ndi mvula nkutulutsa asidi. Madzi otuluka pansi pa muluwo amasiya dzimbiri lachikasu pamiyala ya mumtsinje, ndipo nkhanu ndi tinsomba zimasowa anthu asanamve kusintha kulikonse pa lilime. Pansi pa mgodi, fumbi loopsa kwambiri si limene limadetsa nkhope, koma losaoneka ndi maso, lomwe limakakhala m'mapapo kwa moyo wonse. Kudziwa zimenezi ndi luso lapadera: kuyeza asidi wa m'madzi, kukumba ngalande yopatutsa madzi a mvula kuti asadutse pa mulu, kusunga dothi lapamwamba padera kuti lidzabwezedwe, kuthira madzi pobowola, kuona ngati mpweya ukuyenda mpaka kumapeto kwa mpita.

Malamulo anabwera pambuyo, motsatizana. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anaika kusamalira chilengedwe pakati pa mfundo zoyendetsera boma. Mu 1996 kunabwera lamulo la kasamalidwe ka chilengedwe, mu 1997 ndondomeko younikira ntchito zisanayambe komanso lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, mu 1999 bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Lamulo la migodi nalo linalembedwanso mu 2019 ndi mu 2023. Papepala sitikuperewera. Chimene chinachitika ndi choti luso latsopanoli linakakhala m'manja mwa akatswiri olembedwa ganyu ndi kampani yomwe ikufuna chilolezo. Amabwera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amayendera malo, amachititsa msonkhano ndi mafumu, nkulemba lipoti lonenepa m'Chingerezi lokamba za anthu olankhula Chitumbuka. Lipoti likavomerezedwa, ganyu yatha. Mvula ya mu Febuluwale ikamagumula ngalande, wolemba lipoti uja amakhala ali pa ntchito ina kutali, ndipo mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ali ndi boma lonse pamutu pake, kuyambira ku Vwaza mpaka kunyanja. Zimene zingatsatire zinaoneka kwa anansi athu a ku Karonga, komwe lipoti la Human Rights Watch la 2016 linafotokoza za kampani ya malasha imene inachoka ku Mwabulambo mu 2015 nkusiya maenje osakwirira pakati pa midzi.

Ena anganene kuti pepala si nzeru, ndipo kapitawo wakale wa ku Mchenga amaudziwa mgodi kuposa mnyamata wa digiri. Akunena zoona, ndipo ndi chifukwa chake maphunzirowa ayenera kuyambira pa kapitawoyo, kumuyesa pa zimene akudziwa kale nkumuwonjezera zoyezayeza, m'malo momubweretsera bwana wina wovala tayi. Nzeru yopanda chikalata imagonja tsiku limene bwana akufuna kuti malole adzaze msanga, monga mmene inkagonjera ku Joni. Ena anganene kuti ziphaso zodziwika padziko lonse zilipo kale, monga ISO 14001 imene inatuluka mu 1996 momwemo. Koma chiphaso chimenecho chimapatsidwa kwa kampani, ndipo chimatsimikiza kuti kampaniyo ili ndi dongosolo lolembedwa ndipo ikulitsatira. Sichilumbira kuti mtsinje ndi woyera, ndipo palibe munthu mmodzi amene ntchito yake imathera pomwepo madzi akaipa. Chidandaulo cholemera kwambiri ndi cha ndalama. Migodi ya ku Rumphi ndi yaing'ono, imapikisana ndi malasha a ku Mozambique omwe anabwereranso pamsika, ndipo mtolo uliwonse wowonjezera ungathe kutseketsa mgodi m'boma lomwe ntchito zolipidwa pamwezi ndi zosowa. Nkhawa imeneyi si yoipeputsa. Komabe malipiro a munthu mmodzi wophunzitsidwa ndi kachipangizo koyezera madzi sizingafanane ndi mtengo wokwirira mgodi wosiyidwa kapena wosamalira munthu wakutha mapapo. Kusiyana kwake ndi koti mtengo woyambawo umalipidwa ndi kampani lero, pomwe wachiwiriwo umagwera mudzi ndi chipatala cha boma kampani itapita. Migodi ing'onoing'ono yoyandikana ingathenso kugawana munthu mmodzi.

Pomuphunzitsira munthu ameneyu si posowa. Yunivesite ya Livingstonia, yomwe inatsegulidwa mu 2003, ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Livingstonia zili pamwamba pa phiri lomwelo limene malasha akukumbidwa m'munsi mwake. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za chilengedwe, ndipo yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa uinjiniya wa migodi. Chofunika kuchokera ku MEPA ndi ku unduna wa migodi ndi kumangirira pepalalo ku chilolezo cha mgodi: dzina la munthu wokhala pamalopo lilembedwe pa chilolezocho, zotsatira za madzi amene wayeza zikhomedwe pa bolodi ku khonsolo ndi kwa mfumu m'chinenero chimene anthu amamva, akalamula kuti ntchito iime asachotsedwe ntchito chifukwa cha kutero, ndipo akapezeka atasayinira bodza asadzasayinenso pa mgodi wina uliwonse m'dziko muno.