Kufinya

Kufinya ndi kukanikiza chinthu mwamphamvu kuti madzi atuluke, monga amachitira wochapa chitenje asanachiyanike. Mawuwa akuyeneranso zithunzi za pa intaneti. Wamalonda wa ku Old Town akajambula nsapato pafoni, chithunzicho chimalemera ma megabyte angapo. Kasitomala wa ku Area 47 akatsegula tsamba la pa intaneti lomwe lili ndi chithunzicho, limachedwa kutseguka, bandulo ya Airtel kapena TNM n'kumangotha. Kufinya chithunzi ndi kuchotsamo timitundu tosiyana pang'ono tomwe diso silizindikira, pogwiritsa ntchito JPEG kapena WebP, imene Google inatulutsa mu 2010. Koma ukafinya mopyola muyeso, msoko wa nsapato ija umasanduka timabokosi, ndipo kasitomala sadziwa ngati ndi yachikopa kapena yapulasitiki.