Kompyuta inabwera mu katoni, ili zidutswazidutswa

Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ili ndi agogo ake, ndipo agogowo analibe sikirini ngakhale kiyibodi. Mu Januwale 1975, chaka chomwe likulu lathu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, magazini ya ku America ya Popular Electronics inaika pachikuto kabokosi kotchedwa Altair 8800. Anakapanga ndi Ed Roberts wa kampani ya MITS ku Albuquerque. Ukatumiza madola pafupifupi 400, ankakutumizira katoni ya mabodi, mawaya ndi timachipi. Zolumikiza zinali zako, ndi kachitsulo kamoto kowotcherera mawaya, komwe kaja mumakaona kwa okonza mawailesi ndi mafoni pa Ntchisi boma kapena pa Mponela.

Ukamaliza thukuta lonselo, kabokosiko kankangophethira timagetsi tofiira basi. Malangizo unkalowetsa pokweza ndi kutsitsa timaswitchi, kamodzikamodzi. Memore yake inali mabayiti 256, moti ma SMS awiri odzadza sakanakwanamo. Koma anthu anagula mwaunyinji.

Pa 5 Malichi chaka chomwecho, anthu pafupifupi 30 anakumana mu galaja ya Gordon French ku Menlo Park, California, kudzaona Altair. Gululo linadzatchedwa Homebrew Computer Club. Mmodzi wa iwo, Steve Dompier, anazindikira kuti kabokosiko kakamagwira ntchito, wailesi yoyandikana nako imachita phokoso, ndiye analemba pulogalamu yosandutsa phokosolo kukhala nyimbo. Steve Wozniak ankagawa ulere mapulani a kompyuta yake, ija inadzagulitsidwa mu 1976 ndi dzina loti Apple I. Bill Gates yekha ndi amene sanasangalale ndi kugawanaku: analemba kalata yodandaula kuti anthuwa akukopera pulogalamu yake ya BASIC osalipira.

Ine chimene chimandigwira mtima m'mbiriyi n'chakuti kompyuta ya munthu payekha anaiyambitsa ndi anthu osaopa kutsegula chinthu n'kusuzumira m'kati. Makampani akuluakulu anabwera pambuyo. IBM inatulutsa PC yake mu 1981. Ndiye tikamati Malawi mulibemo m'nkhani imeneyi, timakhala tikufunafuna fakitale, pomwe tikanayenera kufunafuna sikuludalaiva.

Taonani nkhani ya I-Opener. Kameneka kanali kakompyuta kongolowera pa intaneti, komwe kampani ya Netpliance inkagulitsa madola 99 poyembekezera kudyera ndalama za mwezi ndi mwezi. Mu 2000 Ken Segler wa ku Las Vegas anakatsegula n'kuona kuti ukalumikizako hadi disiki kamasanduka kompyuta yeniyeni. Nkhani inafala, bizinesiyo inagwa. Tizipangizo totayidwato ndi timene Gerry Douglas anatenga, n'kutiika sikirini yongokhudza ndi chala, n'kuyamba kutigwiritsa ntchito polemba odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe cha m'ma 2001. Ntchito ya Baobab Health inakula kuchokera pamenepo, ndipo mapulogalamu ake achinyamata a Chimalawi anadzawalemba okha.

Apa ndiye pamene nkhani imafika kufupi ndi mapiri athu. William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, anakulira ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu. Iye sanapange kompyuta, tisanamizane. Koma sukulu yake inali yomwe ija ya mu galaja: anayamba ndi kumasula mawailesi, ndipo fizi itasowa pa njala ya 2002, anatenga buku la Using Energy, njinga ya bambo ake, fani ya thirakitala ndi mapaipi, n'kupanga magetsi a mphepo. Nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006, Soyapi Mumba wa ku Baobab anaionetsa mnzake Mike McKay, yemwe anaifalitsa pa intaneti. Chaka chotsatira William anali ku Arusha pa msonkhano wa TED, ndipo ndi komweko anaona Google koyamba. Mawu amene anafufuza anali windmill.