Ku Aceh Adayamba ndi Malire

M'maŵa wa pa 26 Disembala 2004 simudali kanthu koopsa m'midzi ya asodzi a ku Aceh, chigawo cha kumpoto kwa chilumba cha Sumatra m'dziko la Indonesia. Mwadzidzidzi chivomezi chachikulu chidagwedeza pansi pa nyanja, ndipo posakhalitsa mafunde oopsa otchedwa tsunami adakhuthukira kumtunda. Anthu pafupifupi 230,000 adafa m'maiko ozungulira nyanja ya Indian Ocean. Mwa iwo, oposa 160,000 adali a ku Aceh, kumenenso anthu oposa 500,000 adatsala opanda pogona.

Dziko lonse lidamva chisoni, ndipo chithandizo chidabwera chochuluka. Mu Epulo 2005 boma la Indonesia lidakhazikitsa bungwe la BRR, lotsogozedwa ndi a Kuntoro Mangkusubroto, kuti liyang'anire ntchito yomanganso. Mabungwe ambiri adafika ndi ndalama ndi amisiri, pakati pawo a Caritas ndi a Catholic Relief Services, amene adamangira nyumba anthu a m'chigawo chimene pafupifupi onse ndi Asilamu. Komabe miyezi idapita mabanja akugonabe m'mahema ndi m'zisakasa zazitali zamatabwa. Kodi chidavuta nchiyani, popeza ndalama zidalipo?

Chidavuta chidali malo. Madzi sadangogumula makoma okha ai. Adazula mitengo, mipanda ndi miyala imene inkaonetsa pothera bwalo la uyu ndi poyambira la mnzake. Malo ena adamira m'nyanja mpaka lero. Ku Banda Aceh ofesi yosunga zikalata za malo idaloŵa madzi, ena mwa antchito ake adafa, ndipo mabuku amene adatoledwa m'matope adapita nawo ku Jakarta kukaŵaumitsa ndi makina, mothandizidwa ndi dziko la Japan. Ngakhale mabukuwo akadapulumuka onse, malo ambiri a m'midzi sadalembedwe nkale lomwe. Eni ake ankaŵadziŵa pamtima, ndipo ambiri mwa eni akewo adali m'manda.

Tsono anthu otsala adachita chinthu chimene mlendo sakadaŵachitira. Mudzi ndi mudzi adasonkhana ndi mfumu yawo, imene kumeneko amaitcha keuchik, nayenda pa mabwinja akukumbutsana kuti apa padali nyumba ya uje, apa chitsime, apa njira ya ku mzikiti. Adazika zikhomo, najambula mapu, ndipo oyandikana malire adasaina kuti agwirizana. Pamene banja lonse lidatha, adafufuza mbale woyenera choloŵa. Pamene padatsala mwana wamasiye yekha, makhoti a Chisilamu adamsankhira womuyang'anira, kuti malo a makolo ake asalandidwe iye asanakule. Mu 2006 boma lidayamba kulimbikitsa kuti malo a banja alembedwe m'maina a mwamuna ndi mkazi pamodzi. Amisiri adatha kukumba maziko mapu otere atavomerezedwa. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Padalinso chopinga china. Kuyambira mu 1976 ku Aceh kudali nkhondo pakati pa asilikali a boma ndi gulu la GAM, limene linkafuna kuti chigawocho chidziimire pachokha. Munthu sangamange nyumba mfuti zikulira. Tsoka la madzi lidafeŵetsa mitima, ndipo pa 15 Ogasiti 2005 mbali ziŵirizo zidasaina pangano la mtendere ku Helsinki, mkhalapakati wake ali a Martti Ahtisaari, amene kale adali mtsogoleri wa dziko la Finland. Kuchokera pamenepo magalimoto a simenti ndi malata adayamba kuyenda mopanda mantha.

Si zonse zimene zidayenda bwino. Akuluakulu adati fulumirani adadya gaga. Mabungwe ena, pofuna kuonetsa msanga ntchito kwa opereka ndalama, adamanga ndi matabwa osakonzedwa bwino, amene chiswe chidadya, kotero kuti nyumba zina zidamangidwa kaŵiri. Boma lidaganizapo zoletsa kumanga pafupi ndi nyanja, koma asodzi adakana, ndipo maganizowo adasiyidwa. Kumene midzi yatsopano idamangidwa pa zitunda, monga ku Neuheun, anthu adapeza makoma olimba koma nyanja ndi misika zili kutali, mwakuti ena adabwerera kugombe. Omwe adavutika nthaŵi yaitali ndi amphaŵi amene madzi asanabwere ankakhala m'nyumba za lendi kapena pa malo a eni. Popeza adalibe malo oti aloze, sadaŵerengedwe poyamba pa olandira nyumba. Mu 2007 ndi pamene boma lidavomera kuŵapatsa malo ndi nyumba.

Pamene bungwe la BRR linkatseka ntchito yake mu Epulo 2009, nyumba pafupifupi 140,000 zidali zitamangidwa ku Aceh ndi pa chilumba cha Nias, chimene chidagwedezekanso ndi chivomezi china mu Malichi 2005. Zambiri zidali za zipinda ziŵiri zogona, kukula kwake masikweya mita 36.

Chiŵerengero chimenechi nchotamandika, koma sichinena zonse. Simenti idachokera kutali, ndalama zidachokera kutali. Chimene sichikadachokera kutali ndi umboni wa anansi. Mkazi wamasiye amene lero ali m'nyumba yake ku Aceh ali momwemo chifukwa chakuti anzake, iwonso ali m'maliro, adaimirira pa matope nanena zoona za malo a munthu wakufa amene sakadatha kudziyankhulira. Ndipo amene adatsalira m'zisakasa ndi aja amene padalibe woŵachitira umboni. Wofuna kumangira anzake nyumba pambuyo pa tsoka ayambe wafunsa kuti: malo aŵa nga yani, ndipo ndani amene alibe malo oti aloze?